Phunziro la Mwezi Uno: Mankhwala Owongolera Tsitsi ndi Mayi Woyembekezera

Kwa otsogolera phunziro

Phunziroli lingatenge ola limodzi. Kudakali sabata imodzi, pemphani amayi awiri kapena atatu kuti adzabwere ndi mabokosi kapena zigubu zotha za mankhwala a tsitsi, kuti gulu lidzawerengere limodzi zolembedwapo. Werengani gawo limodzi, imani kuti amayi afunse, kenaka pitirirani. Ngati pagulu pali anamwino, azamba kapena amayi ogwira ntchito ya saluni, apatseni mpata wolankhula.

Mawu oyamba

Amayi anzanga, ukwati ukayandikira, kapena ubatizo, kapena Khirisimasi, m'masaluni mumadzaza. Pamzere wa odikira kuika mankhwala kumutu sipalephera kupezeka mayi wapakati, ndipo nthawi zina mwini wakeyo amakhala asanadziwe n'komwe kuti waima. Funso limadza pambuyo: "Kodi mankhwala aja sapweteka mwana?" Wina amayankha kuti palibe vuto, iye adaika pa mimba zake zonse zinayi. Wina amaopseza kuti mwana adzabadwa wolumala. Kusikelo nako mzere umakhala wautali, ndipo ambiri amachita manyazi kufunsa anamwino nkhani ya tsitsi. Mapeto ake funsoli limabwera kwa ife amayi, apongozi ndi alangizi. Tiyenera kukhala ndi yankho loona.

Mwachidule yankho ndi ili. Mayi amene adaika rilakisa asanadziwe kuti ali ndi pakati asade nkhawa. Koma amene wadziwa, ndi bwino adikire, makamaka miyezi itatu yoyambirira. Ndipo pali mtundu wina wa mankhwala, wowongola ndi chitsulo chamoto, umene mayi woyembekezera ayenera kuupewa kotheratu. Tiyeni tione zifukwa zake.

1. M'chigubu muja muli chiyani?

Tsitsi lidapangidwa ndi chinthu cholimba chotchedwa keratin, chomwenso chimapanga zikhadabo. M'kati mwa tsitsi lililonse muli timfundo tosaoneka ndi maso, timene timaligwira kuti likhale lopotana monga lathuli. Ntchito ya rilakisa ndi kudula timfundoti. Tikaduka, tsitsi limagona ndipo silipotananso. Limene timaliona lopotana pakapita masabata ndi latsopano la kumizu, lija ku saluni amati growth.

Kuti timvetse mphamvu ya mankhwalawa, tiganizire chidulo. Tikathira chidulo m'chigwada kapena m'therere, masamba amafewa msanga, ndipo tikachulutsa ndiwo zimasungunuka. Rilakisa ndi ya fuko limodzi ndi chidulo, koma mphamvu yake ndi yoposa kutalitali. Mitundu ina ili ndi sodium hydroxide. Ameneyu ndi caustic soda yemwe uja magulu ena a amayi amapangira sopo, amene sitimugwira ndi manja. Mitundu ina pabokosi amalembapo kuti no-lye. Imeneyi imabwera ndi kabotolo ka madzi osakaniza, ndipo ambiri amaganiza kuti ndi yofatsa.

Akatswiri a sayansi ali ndi muyeso wotchedwa pH, woyambira pa 0 mpaka pa 14. Madzi akumwa ali pa 7, khungu lathu lili pafupi ndi 5, ndipo chinthu chopitirira 11.5 chimawerengedwa kuti ndi chodya khungu. Mu 2019 akatswiri a pa University of Cape Town ku South Africa, mmodzi mwa iwo Professor Nonhlanhla Khumalo, dokotala wa matenda a khungu, adafalitsa zimene adapeza atayeza mitundu 121 ya rilakisa. Yonse idali pa muyeso wodya khungu, ya no-lye yomwe, ngakhalenso yolembedwa kuti ndi ya ana. Nkhaniyi ikutikhudza, popeza mankhwala ambiri a tsitsi a m'masitolo mwathu amachokera kumeneko.

2. Mtundu wachiwiri: wowongola ndi chitsulo chamoto

M'masaluni a m'tauni mudafika njira ina imene amaitchula kuti Brazilian kapena keratin treatment. Amapaka mankhwala kutsitsi, amaumitsa ndi makina, kenaka amalipana ndi chitsulo chamagetsi chotentha kwambiri. Tsitsi limakhala losalala miyezi ingapo. Mitundu yambiri ya mankhwala amenewa ili ndi formaldehyde, kapena chinthu china chimene chimasanduka formaldehyde chikatenthedwa. Formaldehyde ndi mankhwala aja amasungira mitembo ku mochale kuti isawonongeke. Utsi woyabwa m'maso ndi pakhosi umene umatuluka chitsulo chikakhudza tsitsi ndi iyeyo.

Mu 2004 bungwe lofufuza za khansa la IARC, lomwe ndi nthambi ya bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO, lidaika formaldehyde m'gulu la zinthu zotsimikizika kuti zimayambitsa khansa kwa anthu. Kafukufuku wa amayi opuma mpweya umenewu pantchito zawo adaonetsanso kuti kupita padera kumachitika kawirikawiri pakati pawo.

Mwina wina anena kuti ya ku saluni kwawo pabotolo adalembapo kuti mulibe formaldehyde. Amayi, tamverani izi. Mu 2014 akatswiri omwewo a ku Cape Town adayeza mitundu 7 ya mankhwala a Brazilian. Mitundu 6 idali ndi formaldehyde wochuluka pafupifupi kasanu kuposa muyeso wololedwa, ndipo 5 mwa imeneyi idali yolembedwa kuti mulibe. Choncho chizindikiro chodalirika si cholembedwa pabotolo, koma utsi ndi maso otuluka misozi.

Makampani ena adachotsadi formaldehyde n'kuikamo glyoxylic acid. Nayenso ali ndi vuto lake. Mu 2024 madokotala a ku France adalemba m'magazini ya zachipatala ya New England Journal of Medicine za mayi wa zaka 26 amene impso zake zidavulala katatu konse, ndipo ulendo uliwonse kudali kutangotha kuwongola tsitsi ndi mankhwala otere. Impso za mayi woyembekezera zimakhala kale pa ntchito yaikulu yosefera magazi a anthu awiri. Si nthawi yoziyesa.

3. Kodi mankhwala a kumutu angafike bwanji kwa mwana?

Mwana amalandira zonse kudzera m'magazi a mayi ake, podutsa mu nsengwa ndi mchombo. Ndiye kuti chinthu chimene sichidalowe m'magazi a mayi sichingamufike. Tsitsi lenilenilo lilibe magazi. Makomo olowera ndi awiri: khungu la pamutu ndi mpweya umene timapuma.

Khungu labwinobwino lili ngati denga lofoleredwa bwino: limalowetsa zochepa kwambiri. Koma rilakisa ikawotcha pamutu, dengalo labooka. Tonse tikuzidziwa zilonda zija zimatuluka timadzi, tsitsi n'kumatirira m'mawa mwake. Ambiri timapirira kutentha dala, poganiza kuti pamenepo mpamene mankhwala akugwira. Ayi, kutenthako ndi khungu likupsa.

Chimene chimadetsa nkhawa akatswiri kwenikweni si soda uja, popeza iye amawononga pamalo pomwe wakhudzapo. Nkhawa ili pa zinthu zina zimene amathiramo kuti mankhwala anunkhire bwino ndi kukhalitsa, monga phthalates ndi parabens. Zimenezi zikalowa m'thupi zimatha kusokoneza mahomoni, amene ndi timadzi totumiza mauthenga m'thupi, toyendetsa msambo, mimba ndi kukula kwa mwana. Mu 2018 bungwe la Silent Spring Institute ku America lidayeza mitundu 18 ya zodzola ndi mankhwala a tsitsi amene amayi akuda amagwiritsa ntchito, ndipo lidapezamo zinthu 45 zosokoneza mahomoni. Zambiri mwa zimene zidapezeka sizidalembedwe pabokosi.

Tikumbukirenso kuti ziwalo za mwana, monga mtima, ubongo, msana, manja ndi miyendo, zimaumbika m'miyezi itatu yoyambirira. N'chifukwa chake kuchipatala amasamala kwambiri za mankhwala alionse m'miyezi imeneyi.

4. Zimene ofufuza adapeza pa amayi oyembekezera

Palibe angatenge amayi apakati n'kuwapaka mankhwala dala kuti aone chimene chichitike. Ofufuza amangofunsa ndi kutsatira amayi amene adasankha okha kuika kapena kusaika. Kafukufuku wamkulu wa mtundu umenewu adachitika pakati pa amayi akuda a ku America, amene tsitsi lawo ndi lofanana ndi lathu ndipo ambiri adakula akuika rilakisa.

Mu 1999 ofufuza a ku North Carolina adayerekeza amayi akuda amene adabereka masiku asanakwane, kapena ana ochepa sikelo, ndi amayi amene adabereka bwinobwino. Sadapeze kuti oika rilakisa ndi amene vutoli lidawagwera kwambiri. Mu 2005 kafukufuku wa Black Women's Health Study wa pa Boston University adaunika ana obadwa oposa 6,000, ndipo nayenso sadapeze mgwirizano pakati pa rilakisa ndi kubereka masiku asanakwane. Uwu ndi uthenga wotonthoza, ndipo tiufikitse kwa aliyense amene mtima uli m'mwamba.

Komabe pali zina zotichenjeza. Mu 2022 ofufuza adaphatikiza zotsatira za amayi oyembekezera oposa 6,000 ku America, ndipo adaona kuti amene mkodzo wawo udali ndi phthalates wambiri ankabereka masiku asanakwane mochulukirako pang'ono. Phthalates amapezeka m'zinthu zambiri, monga mapulasitiki ndi mafuta onunkhira, osati m'mankhwala a tsitsi mokha, koma chimene tingachepetse, tichepetse. Mu 2023 kafukufuku wina wa amayi oposa 11,000 ofuna kutenga pakati adapeza kuti amene ankaika rilakisa kawirikawiri, kwa zaka zambiri, ankachedwerako pang'ono kuima.

Tikaika zonsezi pamodzi, tikuona kuti rilakisa yoika kamodzi, pakhungu lopanda zilonda, siidaoneke kuti imapweteka mwana. Chimene chikukayikitsa ndi kuika mobwerezabwereza, kupsa pamutu, ndi utsi wa mankhwala otenthetsa.

5. Nanga nkhani ya khansa imene idamveka ija?

Ena mwa inu mudamva kuti rilakisa imayambitsa khansa ya chiberekero. Nkhaniyi idachokera ku kafukufuku wa boma la America wotchedwa Sister Study, wofalitsidwa mu 2022. Adatsatira amayi oposa 33,000 kwa zaka pafupifupi 11, ndipo 378 mwa iwo adadwala khansa ya m'chiberekero. Ofufuza adawerengetsa kuti mwa amayi 100 osawongola tsitsi ndi mankhwala, pafupifupi awiri angadwale khansayi pofika zaka 70, pamene mwa amayi 100 owongola koposa kanayi pachaka angadwale pafupifupi anayi. Zaka khumi m'mbuyo mwake, mu 2012, Black Women's Health Study idapezanso kuti zotupa za m'chiberekero, zija amati ma fibroids, zinkapezeka mochulukirako mwa amayi oika rilakisa.

Pali mfundo zitatu zofunika kuzimvetsa bwino. Choyamba, kafukufuku wotere amaonetsa kuti zinthu ziwiri zikuyendera limodzi, koma payekha satsimikiza kuti china chikuyambitsa chinzake. Chachiwiri, nkhaniyi ndi ya thanzi la mayi pa zaka zambiri, si ya mwana amene ali m'mimba lero. Chachitatu, khansa imene ankaifufuzayi ndi ya m'kati mwa chiberekero. Ndi yosiyana ndi khansa ya khomo la chiberekero, imene ikutenga amayi ambiri kuno kwathu, yomwe imayamba ndi kachirombo ka HPV. Wina asaganize kuti popeza saika mankhwala kumutu ndiye kuti safunika kukayezetsa khomo la chiberekero. Tonse tiyenera kukayezetsa.

6. Tsono mayi woyembekezera achite chiyani?

Njira yabwino koposa ndi kupumitsa mutu mpaka atachira. Sataya kanthu. Nthawi ya pakati mahomoni amachititsa kuti tsitsi lisathothoke msanga, motero limachuluka lokha. Angathe kuluka mizere yosakoka, kumanga ndi ulusi, kumeta lalifupi, kuvala wigi kapena duku. Polekezera tsitsi lakale lowongoka ndi latsopano lopotana ndi pamene pamaduka msanga, choncho azilinyowetsa ndi kulidzoza asanapese, ndipo apese ndi chipeso cha mano otalikirana.

Mankhwala a Brazilian kapena keratin treatment asaike konse, ndipo asakhale m'saluni pamene mnzake akuikidwa. Ngati pabotolo pali mawu akuti formaldehyde, formalin, methylene glycol kapena glyoxylic acid, alibweze.

Ngati wasankha kuika rilakisa wamba, atsate izi:

Adikire miyezi itatu yoyambirira ithe.

Asaike ngati pamutu pali zilonda, zipere kapena tiziphuphu. Asakande kapena kuchapa mutu masiku awiri kapena atatu asanaike.

Apake vaselini pakhungu la pamutu, m'mbali mwa nkhope ndi m'makutu. Mankhwala apakidwe pa tsitsi latsopano lokha, osati kubwereza pa lakale.

Ayang'ane wotchi ndi kutsata mphindi zolembedwa pabokosi. Pakayamba kutentha, atsuke nthawi yomweyo ngakhale mphindi zisanakwane, ndi madzi ambiri komanso shampu yake yoziziritsa mankhwala.

Aikire panja kapena pamalo podutsa mphepo, ndipo woikayo avale magolovesi.

Asagule mankhwala opungulira m'timabotolo topanda dzina, ndipo asasakanize mitundu iwiri.

Asabwereze pasanathe miyezi iwiri kapena itatu. Asaluke kapena kumanga meshi tsiku lomwe waika mankhwala. Kafukufuku wa Professor Khumalo ku Langa, ku Cape Town, adaonetsa kuti kutha kwa tsitsi la pamphumi ndi m'mbali kumachuluka kwambiri pamene tsitsi loika mankhwala likukokedwanso ndi malukidwe othina.

Akachira, adziwe kuti pakapita miyezi iwiri mpaka inayi tsitsi limathothoka kwambiri. Limeneli ndi lija lidachedwa kugwa nthawi ya pakati. Si matenda, si ufiti, ndipo kwa ambiri limabwerera mwana asanakwanitse chaka. Kuika rilakisa pa nthawi imeneyi kumangoonjezera kuduka.

7. Amayi a saluni ndi ana athu

Amene amakumana ndi mankhwalawa kwambiri si wodzakonzetsa, koma wokonzayo. Kasitomala amaika kamodzi pa miyezi ingapo, pamene mayi wa saluni amaika mitu ingapo tsiku limodzi, kawirikawiri m'kachipinda kopanda zenera. Sitingamuuze kuti atseke saluni, popeza ndi pamene pamachokera ufa ndi fizi. Koma akakhala ndi pakati, azivala magolovesi nthawi zonse, azitsekula chitseko ndi mawindo, asamadyere pamene pali mankhwala, azisamba m'manja asanadye, ndipo ntchito ya Brazilian aisiyire ena, iye atuluke panja. Kansalu kotseka pakamwa ndi mphuno sikatchinga mpweya wa formaldehyde. Inu amene muli ndi saluni ndipo mudalemba atsikana, mtsikana akaima mumuike ku ntchito yoluka ndi yochapa.

Pakhomo, zotsala za rilakisa zisasungidwe pamene mwana angafikire. Imaoneka ngati mafuta odzola kapena chakudya, ndipo mwana wokwawa akainyambita imawotcha milomo ndi kukhosi. Zikatero musamusanzitse. Pukutani ndi kutsuka pakamwa, ndipo thamangirani naye kuchipatala mutatenga chigubu chake. Ikalowa m'maso, tsukani ndi madzi oyera ambiri kwa mphindi zosachepera 15, kenaka pitani kuchipatala. Ndipo tisanaike mankhwala pamutu pa kamtsikana ka zaka zisanu chifukwa kali pa mzere wa ukwati, tikumbukire zimene adapeza ku Cape Town zija.

8. Tisaweruzane

Mayi akapita padera, kapena mwana akabadwa ndi chilema, anthu amafunafuna womuloza chala. Tisalole kuti phunziro lino lisanduke ndodo yomenyera mnzathu, kumati ndi chifukwa cha tsitsi lake lija. Kupita padera kwambiri kwa m'miyezi yoyambirira kumachitika chifukwa mwana sadaumbike bwino kuyambira pachiyambi, osati chifukwa cha chimene mayi adachita. Komanso wowongola tsitsi ndi wosawongola onse ndi amayi anzathu. Nkhani yathu ndi ya thanzi, si ya kuyeza khalidwe la munthu.

Tisaiwalenso zoopsa zazikulu. Lipoti la WHO ndi mabungwe ena la 2012 lidaika Malawi patsogolo pa maiko onse pa kuchuluka kwa ana obadwa masiku asanakwane, pafupifupi 18 mwa ana 100 alionse. Zimene zimaika mayi ndi mwana pangozi kuno kwathu ndi malungo, kuchepa kwa magazi, kuthamanga kwa magazi, matenda opatsirana pogonana, kutenga pakati munthu akadali wamng'ono, ndi kuchedwa kufika kuchipatala. Kungakhale kulakwa kuti mayi asiye rilakisa koma azigona kunja kwa neti. Ayambe sikelo msanga, m'miyezi itatu yoyambirira. Kuyambira 2016 WHO imalangiza kuti mayi aonane ndi achipatala kasanu n'katatu pa mimba imodzi. Amwe mankhwala oonjezera magazi ndi oteteza malungo amene wapatsidwa. Ndipo ali komweko asachite manyazi kufunsa za tsitsi, za mafuta odzola, ngakhale za mankhwala azitsamba. Paja amati safunsa adadya phula.

Mafunso okambirana

1. Tawerengani zolembedwa pa mabokosi amene abwera. Ndi mawu ati mwa amene tatchula amene mwawapezapo? Pabokosi alemba mphindi zingati, nanga ife timasunga zingati?

2. Ndi angati mwa ife adapsapo pamutu ndi mankhwala? N'chifukwa chiyani timapirira?

3. Mpongozi wanu wabwera akulira kuti adaika rilakisa ali ndi pakati pa mwezi umodzi asakudziwa. Mungamuuze chiyani?

4. Mtsikana woyembekezera ali pa mzere wa ukwati, ndipo akomiti alamula kuti onse awongole tsitsi mofanana. Gulu lathu lingamuthandize bwanji?

5. Kodi pa zimene timalangiza atsikana okwatiwa kumene, nkhani ya mankhwala a tsitsi ndi zodzola ilipo? Tingaiikemo bwanji?

Ntchito ya mwezi uno

Mayi aliyense afotokozere mayi mmodzi woyembekezera, kapena mayi mmodzi wa saluni wa m'dera lake, mfundo zitatu izi: kudikira miyezi itatu yoyambirira, kutsuka pamene payamba kutentha, ndi kupewa utsi wa mankhwala otenthetsa ndi chitsulo. Pa msonkhano wotsatira tidzamve mmene adazilandirira, ndipo mafunso amene atikanika tidzawalembe kuti tikafunse anamwino a pachipatala chathu.